Signal: imabisa zambiri, koma zina muyenera kutchera nokha

Kuyambira mu 2016, WhatsApp imagwiritsa ntchito njira yobisira mauthenga ya Signal, pulogalamu inanso yotumizirana mauthenga pafoni, choncho pa nkhani yoti munthu wapakati asawerenge zomwe mwalemba, awiriwa sasiyana kwenikweni. Amasiyana pa zotsalira: ndani walankhula ndi ndani, liti, ndipo ali m'magulu ati. Kwa mtolankhani amene akuteteza munthu womutsina khutu, zotsalira zimenezi n'zimene zimagwiritsa anthu.

Apa m'pamene Signal imaposa anzake. Mu 2016 oimba milandu ku Virginia, m'dziko la America, anaitanitsa zonse zomwe Signal inali nazo zokhudza manambala awiri a foni. Nambala imodzi sinali pa Signal n'komwe, ndipo pa inayo anangolandira tsiku lomwe akaunti inatsegulidwa ndi lomwe inalumikizika komaliza. Panalibenso china chopereka. Mwini wake ndi Signal Foundation, bungwe losachita malonda lomwe linakhazikitsidwa mu 2018 ndi ndalama zokwana madola 50 miliyoni zochokera kwa Brian Acton, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa WhatsApp. Simuonamo zotsatsa malonda, ndiye palibe chifukwa chokulondalondani.

Komabe mukangoiika pafoni n'kuisiya momwe yabwerera, mwasiya makomo angapo osatseka. Polembetsa imafunabe nambala ya foni, chomwe ndi chilema chake chachikulu kumaiko komwe simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso. Chiyambire 2024 mutha kupanga dzina lolumikizirana, lokhala ndi manambala osachepera awiri kumapeto, n'kumapatsa anthu limenelo. Kenako pitani pa Settings, Privacy, Phone Number, musankhe Nobody (palibe aliyense) pa mafunso onse awiri: amene angaone nambala yanu ndi amene angakupezeni nayo.

Chachiwiri, ndipo ichi musachizengereze, ndi Registration Lock, yomwe ili pa Account. Mu Ogasiti 2022 akuba analowa m'makina a Twilio, kampani yomwe imatumiza makodi olembetsera a Signal, ndipo manambala pafupifupi 1,900 anakhudzidwa. Mauthenga akale sanaoneke, koma munthu wokhala ndi kodi akanatha kulembetsa nambala ya wina pafoni yake n'kumalankhula m'dzina lake. Loko ameneyu amafuna PIN kuwonjezera pa kodiyo. Mukaiwala PIN mumadikira mpaka masiku 7, choncho ilembeni penapake posungika.

Mauthenga odzifufuta amatha kutcheredwa mpaka milungu 4. Amathandiza foni ikalandidwa, koma saletsa mnzanuyo kujambula sikirini. Ndipo ambiri amaiwala kuti uthenga umaoneka pamwamba foni ili yokiya. Zimitsani zimenezo pa Notifications. Ngati nkhaniyo ndi yoika moyo pachiswe, yerekezani safety number, manambala 60 otsimikizira kuti mukulankhuladi ndi munthu woyenera, muli maso ndi maso.

Zomwe Signal singakutetezeni n'zochita anthu. Mu Malichi 2025 Jeffrey Goldberg, mkonzi wa magazini ya The Atlantic, anaikidwa molakwitsa m'gulu momwe akuluakulu a boma la America ankakambirana zoponya mabomba ku Yemen. Palibe amene anathyola chilichonse, anangolowetsedwa. Gulu limatenga anthu mpaka 1,000, ndipo aliyense mwa iwo amawerenga zonse. Palinso chinyengo cha QR code yonamizira kuti ndi yolowera m'gulu, pomwe ikulumikiza kompyuta ya wakuba ku akaunti yanu. Muziona Linked Devices pafupipafupi, n'kuchotsa chilichonse chomwe simukuchidziwa.

Maboma amathanso kungoitseka: China ndi Iran anatero mu 2021, Russia mu 2024. Signal ili ndi batani la Censorship Circumvention lozembera kutsekako, komanso imalola proxy, njira yodutsira pakompyuta ina yosatsekedwa, koma intaneti yonse ikazimitsidwa zonsezi zilibe ntchito.

Kwa atolankhani, maloya ndi omenyera ufulu, ndi yoyenera kukhala nayo. Vuto lidzakhala kukopa anthu omwe mumalankhula nawo kuti nawonso aiike, chifukwa ambiri safuna pulogalamu yachiwiri pafoni yodzaza kale.