Redmine ndi nkhokwe zingapo za code pa pulojekiti imodzi

Masiku ano pulogalamu imodzi kawirikawiri simasungidwa m'nkhokwe imodzi ya code (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira), imene akatswiri amaitcha repository. Mbali yoyenda pa seva imakhala payokha, ya pafoni payokhanso, mafayilo okonzera seva nawo amakhala kwina, koma munthu wodandaula kuti batani lolipirira lakana kugwira ntchito sadziwa zonsezi ndipo amangolemba tikiti imodzi, kutanthauza lipoti la vutolo. Apa ndikuunika Redmine pa mfundo imeneyi yokha: kodi imatha bwanji kusonkhanitsa pa tikiti imodziyo ntchito yochokera m'nkhokwe zosiyana?

Redmine ndi pulogalamu yaulere yosungira matikiti a mavuto ndi ntchito, imene Jean-Philippe Lang anayamba kulemba mu 2006 pogwiritsa ntchito Ruby on Rails, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti. Kwa zaka zingapo pulojekiti iliyonse inkaloledwa nkhokwe imodzi yokha, choncho anthu ankatsegula timapulojekiti tating'ono pansi pa yaikulu pofuna kungopezera malo nkhokwe yachiwiri. Zimenezi zinasintha mu 2012 pamene Redmine 1.4 inatuluka. Tsopano mumasankha nkhokwe imodzi kukhala yaikulu, zinazo mumazipatsa dzina lalifupi lozizindikirira, ndipo sizikakamizidwa kukhala za mtundu umodzi: ina ikhoza kukhala ya Git, ina ya Subversion kapena Mercurial, omwe onse ndi mapulogalamu osungira mbiri ya kusintha kwa code. Gulu lomwe likusamuka pang'onopang'ono kuchoka ku Subversion lingayamikire kwambiri ufulu umenewu. Dzina lalifupilo muliganizire bwino musanalisunge, chifukwa mukalisunga silisinthikanso, ndipo ndi lomwelo limene mudzalemba nthawi zonse polozera commit (zosintha pa code zimene zasungidwa pamodzi m'nkhokwe) kapena fayilo ya m'nkhokweyo.

Kulumikiza kwenikweni kumachitika kudzera m'mawu amene wolemba code amaika pa commit. Akalemba refs ndi nambala ya tikiti, commit imeneyo imaoneka pa tikitiyo pamodzi ndi dzina la mwini wake ndi tsiku, kaya yachokera m'nkhokwe iti. Apa ndi pamene Redmine ikundikhutiritsa, chifukwa woyang'anira ntchito amatsegula tsamba limodzi n'kuona kuti pa seva akonza kale koma a pafoni sanayambe, popanda kufunsa aliyense.

Vuto lili pa mawu otsekera tikiti, monga fixes ndi closes. Redmine imadziwa kuti commit yatchula tikiti, koma sidziwa kuti ntchitoyo ikufuna kusintha m'nkhokwe zitatu. Woyamba kulemba fixes amasamutsira tikiti yonse pa mlingo umene woyang'anira Redmine anaika, mwina wotsekedwa kumene, pamene mbali zina ziwiri zikadali pomwe zinali. Ine ndikuona kuti pa pulojekiti ya nkhokwe zambiri ndi bwino kugwirizana kuti aliyense azilemba refs, kutseka kuzichitidwa ndi munthu amene wayesa pulogalamu yonse, kapena ntchito igawidwe m'timatikiti tating'ono, kamodzi pa nkhokwe iliyonse. Chenjezo lina ndi la nyenyezi: woyang'anira akaika chizindikiro cha * pa mndandanda wa mawu olumikizira, nambala iliyonse yokhala ndi # patsogolo imatengedwa ngati tikiti, ndipo mukawonjezera nkhokwe yakale imene manambala ake ankaloza ku matikiti a kwina, mbiri yake ingamamatire pa matikiti osagwirizana nayo n'komwe.

Ntchito yotopetsa kwambiri ili pa Git. Redmine siwerenga mwachindunji nkhokwe ya Git yomwe ili kutali, monga pa GitHub, webusaiti yosungirapo code, koma imafuna kope lake pa diski yomwe seva yake ingafikire. Ndiye kuti nkhokwe iliyonse imafuna kope lakelake lopangidwa ndi lamulo la git clone --mirror, komanso njira yokokera zatsopano, kaya ndi cron (yoyendetsa lamulo pa nthawi zoikika) kapena hook (yoliyendetsa nkhokwe ikangosintha), kenako n'kuuza Redmine kuti iwerenge ma commit atsopanowo. Pa nkhokwe imodzi zimenezi n'zopepuka, koma zikafika khumi pamafunika munthu woziyang'anira, popeza kope limodzi likasiya kukoka palibe chimene chimaonekera pa tikiti, ndipo owerenga amangoganiza kuti ntchito sinachitike. Kugwirizanitsa mayina a olemba ma commit ndi maakaunti a Redmine nakonso kumachitika pa nkhokwe iliyonse payokha.

Zilolezo zimaperekedwa pa pulojekiti yonse, osati pa nkhokwe. Amene mwamulola kuona code adzaona nkhokwe zonse za pulojekitiyo, kotero ngati pali ina yobisika, monga ya makonzedwe a seva, ndi bwino kuiika pa pulojekiti ina n'kutsegula chilolezo choti ma commit azitha kutchula matikiti a mapulojekiti ena.

Gulu lomwe lili ndi seva yakeyake, munthu woisamalira, ndi nkhokwe zosakanikirana za Git ndi Subversion, ndingalilangize kugwiritsa ntchito Redmine mosakayika. Koma ngati code yanu yonse ili kale pa GitHub kapena GitLab, ndipo chimene mukufuna n'kuona pull request kapena merge request (pempho loti zosintha ziphatikizidwe mu code yaikulu) pafupi ndi tikiti, Redmine payokha sidzakupatsani zimenezo popanda kuwonjezera plugin (kapulogalamu koiwonjezera luso), ndipo matikiti a pamalo omwe pali code yanuyo adzakuchepetserani ntchito.