Biti yothyoka pamodzi, yothyoka pawiri, yowongoka kapena hackamore: yambani mwagwira nsagwada

Ambiri mwa ife amene tili m'makola a mahatchi kuno ku Johannesburg tinayamba ndi kuwola ndowe. Kenako kupesa, kenako tsiku lina adona anangotiponyera bridle, malamba omanga kumutu kwa hatchi, kuti timange. Za m'kamwa mwa hatchi palibe anatiphunzitsa. Ine ndakhala zaka zingapo m'makola a ku Kyalami, ndinadutsakonso ku Randjesfontein kumene amaphunzitsa mahatchi othamanga ku Turffontein, ndipo mitundu inayi iyi, itatu ya biti (chitsulo cholowa m'kamwa mwa hatchi chimene amamangirirako zingwe) ndi hackamore, ndaimanga yonse ndi manja anga.

Musanatole biti iliyonse, imani pambali pa hatchi, mulowetse chala chachikulu pa ngodya ya milomo. Sikulumani, pamenepo palibe mano. Nsagwada yam'munsi ili ndi mano 6 odulira udzu kutsogolo, ndi ena 6 otafunira mbali iliyonse kumbuyo. Pakati pali mpata umene eni mahatchi amati bars, ndipo biti imagona pompo. Hatchi yamphongo imakhala ndi dzino losongoka chakutsogolo kwa mpatawo, limene limatuluka ikafika zaka 4 kapena 5. Sisitani chala pa mpatawo. Mumva fupa, lokutidwa ndi nkhama yopyapyala basi. Pa mahatchi a mtundu wa Thoroughbred ndi Arab fupalo kawirikawiri limakhala lowonda ngati msana wa chikwanje. Pa Friesian ndi mahatchi ena olemera limakhala lobulungira ngati mpini wa khasu, minofu yake yokhuthalako. Koma musadalire mtundu wokha. Ndinaonapo Boerperd ziwiri za khola limodzi, ina fupa lakuthwa ina lobulungira.

Biti yothyoka pamodzi pakati ndi imene ili ponseponse, yotsika mtengo, ndipo ambiri tinayambira pomwepo. Wokwera akakoka zingwe zonse ziwiri imapindika ngati mbano, n'kupana nsagwada mbali zonse. Hatchi ya fupa lobulungira imapirira, ndipo ina imaikonda chifukwa kupindikako kumasiyira lilime kampata. Ya fupa lakuthwa imaponya mutu m'mwamba kapena kuyasamula. Ngati kumwamba kwa m'kamwa kuli kotsika, mfundo ya pakati ija imakagunda komweko. Pamanja ofewa ilibe vuto. Pamanja a mwana wasukulu amene amagwira zingwe ngati akuopa kugwa mu minibasi, ine sindiifuna.

Yothyoka pawiri ili ndi kachitsulo kobulungira pakati, ndiye imagona pa lilime motsata kupindika kwake ndipo sipana kwambiri. Mahatchi ambiri a m'khola mwathu ali pa imeneyi. Koma apa ndi pamene nsagwada imatipusitsa. Mbali ziwiri za fupa lam'munsi zimayandikana kwambiri chakutsogolo, pafupi ndi pamene zimalumikizana kuchibwano, kuposa mmene mutu umaonekera kunja. Kachitsulo ka pakati kakatalika, mfundo ziwirizo sizikhalanso pa lilime, zimakwera pa fupa lenileni, imodzi uku ina uku. Ndinaziona pa Thoroughbred yaikazi imene inapuma kuthamanga. Wogulitsa m'sitolo ina anauza adona kuti biti imeneyi ndi yofatsa kwa hatchi iliyonse. Patatha milungu iwiri ndinapeza timabala tiwiri pa nkhama, tofanana malo ake. Tinasintha n'kuika ya kachitsulo kafupi, mabala anapola. Choncho yesani mpata wa nsagwada ndi zala zanu, muyerekeze ndi kachitsuloko.

Yowongoka, yopanda mfundo (ikakhala yokhota pang'ono amati mullen), imamwaza mphamvu pa lilime lonse ndipo sipana konse. Kwa hatchi ya fupa lakuthwa ndi lilime lopyapyala, iyi ndi imene ndimayamba nayo. Kuipa kwake n'kwakuti mukakoka kumanzere chitsulo chonse chimasuntha, ndiye pokhota uthenga sumveka bwino, ndipo hatchi yaulesi imaphunzira kutsamira pa chitsulocho mpaka mikono ya wokwera kuwawa. Ya lilime lalikulu imafuna yokhala ndi nthumbira pakati kuti lilime lipume. A Bombers, amene amapanga mabiti muno mu South Africa, ali nayo yotere yotchedwa Happy Tongue. Kungoti lilime likapatsidwa mpata, katundu amatsikira pa fupa, ndiye si ya hatchi iliyonse.

Nkhani ya kunenepa kwa biti ndi imene ndimakangana nayo anzanga. Ambiri amati yonenepa ndi yachifundo. M'kamwa motseka mulibe malo opanda kanthu, lilime limadzaza monse. Biti ya mamilimita 21 mu Arab ili ngati kukudyetsani mbamu yaikulu n'kukuuzani kuti mutseke pakamwa. Ya mamilimita 14 kapena 16 imakwana mahatchi ambiri. M'lifupi mwake, ya mainchesi 5 kapena 5 ndi theka ndi imene timamanga kwambiri. Ikatalika imatsetsereka, mfundo n'kumadutsa pa fupa.

Hackamore ilibe chitsulo m'kamwa, imagwira pa mphuno ndi kuchibwano. Hatchi ikavulala nkhama kapena itangozulidwa dzino, imapulumutsa. Koma musaganize kuti nsagwada yapuma. Tcheni kapena lamba wake amadutsa kunsi kwa chibwano, pamene fupa lili pafupi ndi khungu, ndipo zitsulo zazitali za m'mbali zimachulukitsa mphamvu ya dzanja ngati mgwala. Mukaimanga motsika imafinya kafupa kopyapyala ka kumphuno. Pa mpikisano wodumpha amailola, pa dressage yapamwamba, mpikisano woonetsa kayendedwe ndi kumvera kwa hatchi, amafuna biti.

Nthawi zina vuto si biti n'komwe. Nsagwada yam'munsi ndi yopapatiza kuposa yam'mwamba, ndiye potafuna mano amaperepeseka mopendekera. Akumwamba amathwa mbali ya kutsaya, am'munsi mbali ya lilime. Mukamangitsa lamba wa pamphuno mumakanikiza tsaya pa nsonga zimenezo. Hatchi yotaya chakudya chotafunatafuna pansi ikufuna dotolo wa mano, amene ayenera kubwera kamodzi pa chaka, osati biti yachisanu.

Kwa amene muli ndi mahatchi aang'ono: pa zaka 3 kapena 4 pamatuluka timatupa tolimba m'mphepete mwa fupa kunsi kwa nsagwada. Ndi mano osatha akukankha, timatha tokha. Tangoonani kuti lamba sakukhula pamenepo. Chotupa chotentha ndi chowawa pakati pa nsagwada, hatchi ili ndi mamina, ndi nkhani ina. Imeneyo ikhoza kukhala strangles, matenda opatsirana a mahatchi, ipatuleni msanga muuze abwana. M'mphepete mwa fupa la nsagwada lomwelo, kutsogolo kwa tsaya, mumadutsa mtsempha umene timawerengerapo kugunda kwa mtima, kuyambira 28 mpaka 44 pa mphindi hatchi ikupuma.

Atandipatsa hatchi yachilendo mawa, ndi ndalama za biti imodzi yokha, ndingagule yothyoka pawiri ya kachitsulo kafupi, mamilimita 14. Chala chikandiuza kuti fupa ndi lakuthwa, ndingabweze n'kutenga mullen.