Kuyeza 8-OHdG mu mkodzo: kodi ndalama yanu ikugula chiyani?

Ngati malo oyezera thupi kuno ku Lusaka akukuuzani kuti ayeze "kuwonongeka kwa DNA", kawirikawiri amatanthauza 8-OHdG. Chinthu chimenechi chimapangika m'thupi pamene guanine, kachidutswa ka DNA, kawonongedwa ndi okosijeni wolusa. Thupi limachotsa zowonongekazo, ndipo zina zimatuluka ndi mkodzo.

Kuyezako n'kosavuta, palibe jakisoni. Mumapereka mkodzo woyamba wam'mawa kapena wa maola 24. Koma musanalipire funsani njira imene akugwiritsa ntchito. Njira yotchedwa ELISA ndi yotsika mtengo, koma imapereka manambala okwera kuposa enieni chifukwa zinthu zina za mu mkodzo, monga urea, zimaisokoneza. Njira ina yotchedwa LC-MS/MS ndiyo yodalirika. Papepala la zotsatira payeneranso kuoneka creatinine, chinthu china chotuluka mu mkodzo chimene chimasonyeza ngati mkodzowo ndi wosungunuka kapena ayi. Popanda iyo, munthu amene wamwa madzi ambiri amaoneka ngati ali bwino pamene mkodzo wangosungunuka.

Kafukufuku wapeza 8-OHdG wokwera mwa osuta fodya, odwala shuga ndi ena odwala khansa. Komabe nambalayo siitchula matenda, ndipo madokotala sanagwirizane pa mulingo woti apa pali vuto. Ngakhale kuthamanga kwambiri dzulo lake kungaisinthe. Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi pamene zotsatira zikubwera limodzi ndi botolo la ma antioxidant (mankhwala amene amati amalimbana ndi okosijeni wolusa) loti mugule pomwepo.

Kwa ofufuza, kuyezaku n'kothandiza. Kwa mayi wophikira pa mbaula ya makala m'nyumba ku Matero, ndalamayo ipite ku HbA1c (kuyeza shuga m'magazi, pomwe 6.5% kapena kuposa imasonyeza matenda a shuga), kuyeza BP, ndi kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero.