Shopu yobetchera ya ku Rosettenville: amalipira bwinobwino koma malo aiikawo sakundisangalatsa

Abale anga a ku Joni kuno, ambiri mwakhala mukufunsa za shopu yobetchera ija ili kufupi ndi pokwerera matekisi ku Rosettenville, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona. Dzina lake sinditchula, amene mumadutsa kumeneko mukuidziwa kale.

Zabwino zilipo ndithu. Mkati ndi moyera, mipando yokwanira, ma TV ali khoma lonse, kwina mpira wa PSL, ligi yaikulu ya kuno, kwina wa ku England, kwina mahatchi a ku Turffontein konkuno. Gadi amakhala pakhomo ndipo amagwiradi ntchito yake, ndinaona akubweza kamnyamata kena kopanda ID poti lamulo la dziko lino sililola osakwana zaka 18 kubetcha. Makashiya ndi aulemu, sakunyoza olo Chizulu chako chikhale chothyokathyoka, ndipo tiketi ikawina amakupatsa ndalama zako pompopompo osakuzunguza. Izi nzosiyana ndi fafi, juga ya manambala ya m'makona ija, yoti wotolera manambala akasowa ndi ndalama zako ulibe kokadandaula chifukwa masewerawo ndi oletsedwa. Layisensi ya Gauteng Gambling Board, bodi yoyang'anira juga m'chigawo chino, ili pakhoma pafupi ndi kauntala, aliyense atha kuiwerenga.

Zosowetsa mtendere zazing'onozing'ono ziliponso, kumapeto kwa mwezi mzere umafika panja, netiweki ikagwa mumangoima mpira nkuyamba musanabetche, chimbudzi ndi chimodzi basi. Koma zimenezo sizikundidandaulitsa kwenikweni.

Chomwe chikundiwawa ine ndi malo. Shopuyi ili mzere umodzi ndi potumizira ndalama kumudzi, botolo sitolo ili chapomwepo, ndipo wakatapila, amene kuno amati mashonisa, sasowa pakona. Ndiye taganizani m'bale wathu wagwira pisiweki ya m'gadeni sabata yonse, kapena mlongo wathu wachapa ndi kusita m'nyumba za anthu, Lachisanu watsika tekisi ndi timarandi take kuti atumize ya feteleza kwa amayi ku Mzimba kapena ku Mangochi, asanafike potumizira paja chitseko choyamba kumulandira ndi chobetchera. Amalowa ndi maganizo oti R50 yokha, mwina ingabereke. Amene amabetcha mpira amadikirako mpaka gemu ithe, koma manambala aja ndiye alibe podikira, UK49s, juga ya manambala ya ku Britain, ili ndi Lunchtime masana ndi Teatime madzulo tsiku ndi tsiku ndipo pa sikirini pali timasewera tina tongozungulira mphindi zochepa zilizonse, munthu akadyedwa amangobwerera pa kauntala kuti abweze zake. Ndimamva anyamata akuti "timu imodzi yokha ndiyo yandigwetsa aise, mawa ndidya", mawu omwewo sabata iliyonse. Ena ndi azibambo aakulu oti ali ndi ana kusukulu kumudzi, renti ya chipinda sanalipire, ndipo matchona ena amayamba choncho, munthu kuchita manyazi kubwerera kwawo chimanjamanja.

Ndinafuna kudziwa kuti amene amaloleza shopu ngati iyi pamalo ngati awa ndani. Ku South Africa kuno lamulo lalikulu ndi National Gambling Act ya 2004, koma malayisensi a mashopu obetchera amapereka ndi bodi ya chigawo chilichonse, kwa ife ndi Gauteng Gambling Board yomwe imayendera lamulo la chigawo la 1995. Khonsolo ya mzinda wa Johannesburg mbali yake ndi yoona ngati nyumbayo ili pamalo ololedwa kuchitirapo bizinesi. Munthu akapempha layisensi, chidziwitso chimatuluka mu gazeti ya boma ndipo anthu amapatsidwa nthawi yolemba kalata yotsutsa. Koma kunena zoona, ndani mwa ife amawerenga gazeti ya boma? Mayi wogulitsa tomato panja pa shopuyo amangoona akupenta, mawa lake atsegula. Bodi imaonetsetsa kuti mwini shopu si wakuba ndiponso kuti wowina alandira zake, zimenezo ndikuvomereza, koma anthu okhala mumsewu umenewo mawu awo safika kulikonse.

Ku Britain zinthu amaziyendetsa mosiyanako. Pansi pa Gambling Act ya 2005, kampani imatenga chilolezo ku Gambling Commission koma layisensi ya shopu yeniyeniyo imachokera ku khonsolo ya deralo. Olo zili choncho makhonsolo akumeneko akhala akudandaula kwa zaka zambiri, monga ya Newham ku London, chifukwa lamulo limawauza kuti cholinga chawo chikhale kuloleza, ndiye sangakane shopu pongonena kuti mashopu achuluka kale mumsewu. Mashopuwo ankadzazana m'madera a anthu osauka, ndipo mashini awo ankalola munthu kuponya £100 kamodzi mpaka boma linatsitsa kufika pa £2 mu April 2019, pambuyo pake mashopu ambiri anatsekedwa. Ndiye kupereka mphamvu kwa khonsolo pakokha sikukwanira ngati khonsoloyo ilibe ufulu wokana. Ine ndikanakonda kuti kuno khansala wa wadi aziitanitsa msonkhano wa anthu layisensi isanatuluke, komanso pakhale malire a mashopu obetchera mumsewu umodzi, makamaka pafupi ndi sukulu, renki ya matekisi ndi potumizira ndalama. Kumudzi nako nkhaniyi yafika, tizipinda tobetchera tili m'matauni ndi m'misika yambiri ndipo amayang'anira ndi a Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndiye si vuto la ku Joni kokha.

Chinanso chomwe sindinakonde mushopumu, chikwangwani chochenjeza za juga ndi chaching'ono kwambiri ndipo chili kuseri kwa chitseko, pomwe zithunzi za ma bonasi ndi zikuluzikulu pagalasi lakutsogolo. Nditafunsa kashiya za mmene munthu angadziletsere yekha kulowa, anayankha mwaulemu koma anachita kukaitana manijala chifukwa iye sankadziwa bwino. Chonsecho njira imeneyi ilipo m'malamulo, munthu utha kulembetsa kuti mashopu asamakulole kubetcha. Zimenezi zimayenera kudziwika ndi kashiya aliyense chifukwa ndi iyeyo amene amaona nkhope zomwezomwezo tsiku lililonse.

Ndiye ngati mukufunsa kuti shopuyi ndi yachilungamo pa nkhani yolipira, ee ndi yachilungamo, pa ukhondo ndi ulemu ndingaipatse 4 pa 5. Pa kusamala anthu amene juga yawalowerera ndikuipatsa 1, ndipo pa malo aiikawo sindingaipatse kanthu. Amene mukulowabe, yambani mwatumiza ya kumudzi ndi kulipira renti, khadi ya kubanki isiyeni kunyumba. Ngati pali m'bale amene wafika pokongola kwa mashonisa kuti akabetche, a South African Responsible Gambling Foundation amathandiza kwaulere, nambala yawo ndi 0800 006 008 ndipo kuimba sikudya eyataimu. Ena amaopa kuimba okha chifukwa cha Chingerezi, mukhale nawo pafupi muziwamasulira.