Miyezi 9 ndikunola khutu ndi pulogalamu ya pa foni

Mu Febuluwale, nditangotha sabata ziwiri ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni yophunzitsa khutu kuzindikira manotsi, ndinauza anzanga otsogolera makwaya kuno ku Ngabu kuti ndapeza mphunzitsi wosatopa ndiponso wosapsa mtima, ndipo kuti aliyense wofuna kulemba nyimbo imene wangoimva aike pulogalamuyi pa foni yake. Papita miyezi 9 tsopano, ndipo ndikuona kuti ndinafulumira kuyamikira. Zina mwa zimene ndinanena zidakali zoona, koma zina ndiyenera kuzibweza, makamaka poti anzanga angapo anatsatira mawu anga n'kuwononga bandulo yawo.

Vuto limene linandifikitsa kumeneku ndi lodziwika kwa ambiri a ife. Manotsi a do, re, mi ndinawaphunzira ndili mnyamata, ndipo mukandipatsa pepala ndimawerenga n'kuphunzitsa mbali zonse zinayi popanda chovuta. Koma ndikamva nyimbo yabwino pa wailesi kapena pa msonkhano wa makwaya, ndinkalephera kuiika papepala, ndipo ndinkadalira mnyamata wathu wa kiyibodi, amenenso ankangofufuza ndi chala mpaka atagwera pa liwu loyenera. Mapulogalamu othandiza pa vuto limeneli alipo ambiri. EarMaster, yochokera ku Denmark, ilipo kuyambira 1996, ndipo pa mafoni a Android pali Perfect Ear, Functional Ear Trainer ndi ena. Imene ndili nayo ine sindiitchula dzina, chifukwa nkhani yanga ili pa njira zophunzirira, ndipo njirazo zimabwerezedwa m'mapulogalamu osiyanasiyana.

Miyezi itatu yoyamba ndinaithera pa gawo la mtunda wa pakati pa manotsi awiri, umene anthu a nyimbo amautcha interval. Foni imaliza mawu awiri, wina pambuyo pa mnzake, ndipo iwe uyenera kunena kuti atalikirana bwanji. Pa kiyibodi, kuchoka pa do kukafika pa do wam'mwamba pali masitepe 12, choncho mayankho ake ndi owerengeka, ndipo munthu ukalimbikira umayamba kukhoza msanga. Pofika mu Epulo ndinkakhoza pafupifupi mafunso onse, ndipo foni inkandiyamikira ndi tinyenyezi tsiku lililonse, mwakuti ndinayamba kudziona ngati katswiri.

Chimene chinanditsitsa chinachitika pa maliro a mkulu wina wa mpingo wathu chakumapeto kwa mwezi womwewo. Usiku tili pa siwa, mayi wina wa mpingo woyandikana nafe anayambitsa nyimbo imene sindinaimvepo, yokoma kwambiri, ndipo ine ndinatulutsa kope langa kuti ndiilembe. Ndinagwira liwu loyamba ndi lachiwiri, ndipo pamene ndinkawerengera m'mutu kuti atalikirana masitepe angati, mayiyo anali atamaliza kale mzere wonse ndipo azimayi anali akuvomera. Anaibwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ine ndili gwa ndi cholembera, ndipo patsambalo ndinangolembapo zilembo zitatu zimene m'mawa mwake sindinathe kuziimba.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Kuchoka pa do kupita pa mi, kuchoka pa fa kupita pa la, ndiponso kuchoka pa so kupita pa ti, mtunda wake ndi umodzimodzi, masitepe 4, ndipo kwa foni zonsezi ndi yankho limodzi. Koma m'kati mwa nyimbo zitatuzi sizimveka mofanana ngakhale pang'ono, chifukwa mi amakhazikika, la amakhala ngati akudandaula, pamene ti amakhala wosakhazikika mpaka atakwera pa do. Munthu woimba sayeza mitunda ngati wodula malire a munda. Iye amamva pamene liwu lililonse laima poyerekeza ndi do, amene ali ngati kwawo kwa nyimboyo. Miyezi itatu ija ndinkaphunzira kukhoza mayeso a foni, ndipo luso limenelo silinandiperekeze pa siwa.

Mu Meyi ndinasamukira ku gawo lina limene poyamba ndinkalinyoza poliona ngati la ana. M'gawo limeneli foni imayamba yaliza makodi anayi (kodi ndi manotsi angapo olira pamodzi) okhazikitsa kiyi, kutanthauza pamene do waima, a do, a fa, a so, n'kubwerera pa a do, kenako imaliza liwu limodzi lokha n'kufunsa kuti ndi liti. Ukayankha, imaliyendetsa liwulo pang'onopang'ono kubwerera nalo pa do, kuti khutu lizolowere njira yake yopitira kwawo. Nditachita zimenezi masiku angapo ndinazindikira kuti si zachilendo konse, ndi maphunziro omwe aja a makolo athu a m'makwaya. Njira ya do, re, mi imeneyi, yotchedwa tonic sol-fa, inayambitsidwa ndi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo m'busa John Curwen anaikonza n'kuifalitsa ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840, amishoni asanaibweretse kuno. Curwen ankaphunzitsa kuti liwu lililonse lili ndi khalidwe lake: do ndi wolimba, la ndi wolira, ti ndi wolasa. Foni inangondibwezera ku chinthu chimene ndinali nacho kale, kusiyana kwake n'kwakuti iyo imatha kundifunsa mafunso mazana osatopa, imasintha kiyi nthawi iliyonse, ndipo imandiuza pomwepo ndikalakwa, zimene palibe munthu angakhale nane n'kundichitira m'mawa uliwonse.

Phindu lenileni linayamba pamene ndinasiya kuyankha ndi chala chokha n'kuyamba kuimba liwulo mokweza ndisanadine yankho. Ndimachita zimenezi kwa mphindi 15 m'bandakucha, ndisanapite ku dimba, chifukwa dzuwa la kuno likangokwera mutu sugwiranso kanthu. Ana anga poyamba ankaseka kumva bambo awo akulira "fa, mi, re, do" pakhonde ngati mbuzi yomangidwa, koma tsopano wamng'onoyo amandiyankhira mafunso ali m'nyumba, ndipo kawirikawiri amakhoza. Fa ndi la anandisokoneza kwa mwezi wathunthu. Pofika mu Ogasiti, nyimbo yosavuta ya korasi ndinkatha kulemba mbali ya sopulano nditaimva katatu, ndipo nyimbo ya pa siwa ija ndinakaipempha kwa mayi uja kuti andiimbirenso, n'kuilemba yonse titakhala pansi pa mtengo wa masawu.

Za makodi ndinene mwachidule. Kusiyanitsa major, kodi ya do-mi-so, ndi minor, imene mi wake amatsitsidwa sitepe imodzi, kunanditengera sabata zochepa, ndipo poti makorasi athu ambiri amayenda pa makodi atatu okha, do-mi-so, fa-la-do ndi so-ti-re, mnyamata wa kiyibodi anapindula msanga kuposa ine, moti masiku ano sachedwa kupeza kiyi wina akayambitsa nyimbo mwadzidzidzi. Chovuta chinali kuzindikira liwu limene lili pansi penipeni pa kodiyo, ndipo apa cholakwa chinali sipika ya foni, imene situlutsa mawu a besi. Popanda mahedifoni gawo limeneli ndi kutaya nthawi chabe, ndipo kuvala mahedifoni mu Okutobala wa kuno ku chigwa, thukuta likuyenderera m'makutu, ndi chilango china. Gawo lolemba nyimbo silinandikhutiritse, chifukwa tinyimbo timene foni imapeka tilibe mutu kapena mchira, ndi mawu ongosanjidwa mwachisawawa ndiponso oimbidwa ndi piyano yokhayokha. Ndinapeza kuti ndi bwino kujambula kwaya yathu pa foni yomweyo n'kumayesa kulemba alito ndi tena kuchokera pamenepo, popeza mawu a anthu amatsetsereka, amapuma, ndipo amabisana m'njira imene piyano sichita.

Pali chinthu china chimene sindinachiyembekezere, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Mu Seputembala ndinapita kukaona amalume anga cha ku Bangula, amene akhala akuimba valimba kuyambira ine ndisanabadwe. Madzulo anatulutsa valimba yawo, ya matabwa osema okha ndi zipanda zolendewera kunsi, ndipo atangoyamba kuimba ine ndinayamba kutchula manotsi mumtima monga ndazolowera. Thabwa loyamba ndinalitenga ngati do. Lachitatu linandiimitsa, chifukwa silinali mi, komanso silinali mi wotsitsidwa uja wa minor, linali penapake pakati. Mopanda manyazi ndinati, "Amalume, thabwa ili likuoneka kuti latsika pang'ono, mwina lifunika kusemanso." Iwo anaika timitengo pansi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, latsika poyerekeza ndi chiyani?" Analiza thabwalo pamodzi ndi anzake, analizanso mnzake wam'mwamba, ndipo zonse zinagwirizana bwinobwino. Ndinasowa choyankha.

Thabwalo linalibe vuto. Akatswiri amene anayeza zoimbira za Asena ndi Amang'anja, kuphatikizapo valimba ndi bangwe, anapeza kuti makolo athu amagawa mtunda wa kuchoka pa liwu kukafika pa mnzake wam'mwamba m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana. Pa muyeso umene umagawa mtunda umenewo m'magawo 1,200, sitepe ya kiyibodi ndi magawo 100, pamene sitepe ya valimba ili cha pa 171. Masitepe awiri a valimba ndi pafupifupi 343, pamene kiyibodi imangodziwa 300 ndi 400, ndiye n'chifukwa chake khutu langa linasowa poliika thabwa lija. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music, malo osungira nyimbo za mu Africa, mu 1954, anajambula nyimbo za Amang'anja m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo kachunidwe kameneka ndi ka makolo, si kulephera kwa wosema. Pulogalamu yanga sidziwa chilichonse cha zimenezi. Imaphunzitsa kachunidwe ka piyano ngati kuti ndiko kokha padziko lapansi, ndipo m'miyezi yowerengeka inali itandisandutsa munthu wokonza valimba ya amalume ake amene anamuphunzitsa kuvina. Ngakhale m'kwaya momwe, tikamaimba popanda kiyibodi, mi wokoma uja amene amagona bwino pa do ali cha pa 386, wotsikirapo pang'ono kuposa wa piyano, ndipo ndikuopa kuti pali masiku amene ndinadzudzula a alito pamene iwo ndi amene ankaimba bwino.

Pa za kagwiritsidwe ntchito, ubwino wake ndi wakuti ukangoiika pa foni sifunanso intaneti, ndipo siidya batire kwambiri. Zonse zili m'Chingelezi, choncho kwa oimba athu ena pamafunika wowamasulira poyamba. Musanayambe, lowani m'makonzedwe ake musankhe do woyenda ndi kiyi, chifukwa m'mayiko ngati France ndi Italy do sayenda, ndi dzina la noti imodzi ya pa kiyibodi yotchedwa C nthawi zonse, ndipo mnzanga wina wa ku Nchalo anataya sabata ziwiri akudabwa kuti n'chifukwa chiyani foni ikumutsutsa pa zinthu zimene akuzidziwa. Magawo apamwamba ndi olipira, ndipo malipiro ake amafuna khadi ya ku banki yogulira zinthu kunja, imene ine ndilibe, choncho ndinakhalira a ulere omwewo. Pulogalamuyi imawerenganso masiku amene waphunzira mosadumphitsa, ndipo magetsi atazima masiku atatu mu Julaye chiwerengero changa chinabwerera pa ziro. Ndinakhumudwa ngati mwana, koma m'mawa wotsatira khutu linali pomwe ndinalisiya.

Kwa mnzanga amene amawerenga kale manotsi koma satha kulemba zimene wamva, ndikuti aiike, ayambire pa gawo la liwu limodzi m'kati mwa kiyi, aziimba mokweza, ndipo gawo la mitunda alisiye kaye. Kwa amene sanaphunzirepo do, re, mi, ndi bwino ayambe wakhala pa benchi ya kwaya chaka chimodzi. Ine ndikupitiriza mphindi zanga 15, ndipo pano ndikulimbana ndi fe ndi ta, mawu okwezedwa ndi otsitsidwa aja amene amabwera nyimbo ikamasintha kiyi. Amalume anandiuza kuti ndipitekonso mvula ikayamba kuti akandiike pa mbali ya matabwa akuluakulu, koma anati foni ndidzaisiye ku Ngabu.