Port Ellen kapena Brora: kusankha wisiki wa mafakitale omwe anatsekedwa mu 1983

Mafakitale a wisiki a Port Ellen ndi Brora anatsekedwa mu 1983, wisiki atachuluka ku Scotland mpaka kusowa ogula. Kampani ya Diageo, yomwe ndi mwini wake, inatsegulanso Brora mu 2021 ndi Port Ellen mu 2024, koma mabotolo omwe anthu amalimbirana pa okishoni ndi a wisiki wotchezedwa asanatsekedwe. Pogula, Brora muziyang'ana chaka chomwe anatchezedwa, Port Ellen muziyang'ana mgolo womwe anakhwimiramo.

Port Ellen ili pachilumba cha Islay. Inayamba mu 1825, kenako inangokhala osatcheza kuyambira 1930 mpaka 1967. Chimera chake cha balere ankachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'dambo lomwe amadula n'kuyanika kuti liyake ngati nkhuni. Mkamwa mumamva utsi wouma, mchere wa kunyanja, mandimu ndi kafungo ka tala. Mabotolo ambiri opezeka ndi a 1978 mpaka 1983 ndipo sasiyana kwenikweni. Mgolo womwe unasungapo kale wisiki wina umasiya mandimu aja amveke bwino, pomwe womwe unasungapo sherry (vinyo wa ku Spain) wamphamvu umawakwirira.

Brora ndiye yovuta. Inamangidwa mu 1819 ku Sutherland, kumpoto kwa Scotland, ndi dzina loti Clynelish. Clynelish yatsopano itamangidwa pafupi pomwepo, yakaleyo inapatsidwa dzina la Brora n'kuyamba kutcheza wisiki wautsi wambiri mu 1969, chifukwa wa ku Islay ankaperewera posakaniza ndi wisiki wina. Utsi wochulukawo unatha cha m'ma 1973. Brora wa 1972 amanunkha khola la ng'ombe ndi msipu wonyowa, ndipo amamata lilime ngati sera ya kandulo. Ena amakwinya mphuno, koma kukoma kwakeko simungakupeze kwina. Wa 1981 kapena 1982 ndi wa sera ndi zipatso, utsi wapatalipatali. Ambiri amapsa pamenepa, kulipira dzina la Brora n'kupeza kuti kholalo mulibe.

Ngati ndalama zikukwanira botolo limodzi, Brora wa zaka zoyambirira za m'ma 1970 ndi amene alibe mnzake. Kukoma kwa Port Ellen mutha kukuyandikira ndi Caol Ila, wisiki wina wa ku Islay, wokhwima zaka zambiri.

Botolo lililonse, onani pomwe wisiki walekezera: akatsika kufika pamapewa a botolo, mpweya unalowa ndipo fungo lazilala. Chotsekera chakale chimanyenyeka, choncho chikokeni molunjika, osachipotokola, ndipo botolo lizikhala choimirira chifukwa mowa wamphamvu umadya chotsekeracho. Thirani 15 ml, dikirani mphindi 20. Madzi akhale madontho awiri kapena atatu basi. Wisiki wopitirira zaka 30 mukamuchulutsira madzi, amangotsala kuwawa kwa thabwa la mgolo.

Musanalipire, lawani kaye Clynelish wa zaka 14 (46%) ndi Caol Ila wa zaka 12 (43%) m'matambula awiri oyandikana. Sera ya Clynelish ikakukokani, sankhani Brora.