Tinkhono ta Trochus tochotsa ndere mu thanki, mmene ndationera

Ine ndakhala ndikuweta mbuna kwa zaka ndithu kuno ku Durban, koma chaka chatha ndinati ndiyeseko thanki ya madzi amchere ya malita 200, abale patangotha miyezi iwiri galasi lonse linachita bii ndi ndere zabulawuni zija, ndimati ndikapala m'mawa pofika madzulo zabwereranso. Pa shopu ina ya nsomba anandiuza kuti ndigule tinkhono ta Trochus, ndinatenga 6.

Tinkhono take n'tating'ono, chigoba chosongoka ngati nguli chokhala ndi timizere tofiirira, mkati mwake mumanyezimira. Usiku ukawalitsa tochi pagalasi umachita kuona kakamwa kakupala pang'onopang'ono n'kumasiya kanjira koyera kokhotakhota m'mbuyo, zinandikumbutsa mmene mbuna zimapalira ndere pamiyala ku Cape Maclear, kungoti tinkhonoti m'madzi opanda mchere sitingakhale, musayese kutiika mu thanki ya mbuna. Pa masabata awiri galasi linayera mbee, miyala nayo inayamba kuoneka. Chinanso chimene ndatikondera, kakagwa chagada kamavutikira mpaka kudzitembenuza kokha, pomwe nkhono za mtundu wina wotchedwa Astraea zimafuna uzitembenuze ndi dzanja apo ayi zimafera pomwepo.

Koma chinandiwawa ndi ichi, wogulitsayo sanandiuze kuti tinkhonoti sitifuna kusinthidwa madzi mwadzidzidzi. Tiwiri ndinangotikhuthulira mu thanki kuchoka mu pulasitiki, kutacha tinali titafa ndipo mtima unandipweteka zedi chifukwa tinafika tamoyo bwinobwino. Tinayi totsalato mwamwayi ndinadonthezera madzi a mu thanki ndi kapaipi kwa ola lathunthu, mchere ndimausunga pa 1.025 pa kachipangizo koyezera mchere, kutentha madigiri 25, mpaka lero tili moyo kupatula kamodzi komwe kanaphedwa ndi nkhanu ya mtundu wokhala m'zigoba za nkhono, inkafuna nyumba. Ndiye ngati muli ndi nkhanu zoterezi ziponyereni zigoba zopanda kanthu. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa nawo amapha nkhono, musathire mu thanki imeneyo.

Ndere zazitali ngati tsitsi tinkhonoti sitikuzikhudza kwenikweni, zimenezo ndikuzulabe ndi manja Loweruka lililonse. Koma pa ndere zapagalasi ndalama yanga sinapite pachabe, mwezi ukatha ndikagula tina titatu, ulendo uno ndikatenga ndi zigoba zomwe.